Galimoto Zosaopa Matope ndi Ntchito Yopulumutsa Anthu

Usiku wina m'mwezi wa Febuluwale, zaka zingapo zapitazo, ndidadzidzimutsidwa ndi kugogoda pakhomo pa nyumba yanga ya kusukulu. Nditatsekula ndidapeza ali a mlonda athu, bambo achikulire amene sakonda kuvutitsa munthu. Adavula chipewa mvula ili kugwa, nati, "Pepani aphunzitsi, ndakudzutsani pakati pa usiku. Mlongo wanu uja matenda amukulira kuchipatala. Anamwino akuti tipeze amuna amphamvu." Ankanena mwana wawo wamkazi, amene adali ndi pakati poyamba.

Nkhani yake idali yotere. Mzamba wa pachipatala chaching'ono cha m'dera lathu adaona msanga kuti mwana wagona mopingasa, ndi kuti popanda opaleshoni sipakhala kuchira. Adaimba lamya kuchipatala chachikulu cha kuboma, ndipo ambulansi idanyamuka mosazengereza. Palibe amene adalakwa pantchito yake usiku umenewo. Koma galimotoyo itatsala ndi makilomita 7 kuti ifike, idapeza madzi atadya dothi la kumapeto kwa mlatho, ndipo kutsogolo kwa mlathowo kudali dambo la makande lalitali ndithu. Idaima pomwepo.

Tidadula nsungwi ziwiri, tidamangapo bulangete ndi matumba a feteleza, n'kukhala machila. Amuna asanu ndi atatu, anayi mwa iwo ali anyamata a Fomu 4, tidasenza mayiyo molandizana, wina akuunikira ndi tochi kutsogolo, mzamba akutsatira pambali atakweza botolo la dripi m'mwamba. Nyali za ambulansi tidayamba kuziona tikadali kutali, ndipo ndinene zoona, palibe chidandipweteka mtima ngati kuona thandizo likuwala tsidya lija, losatha kusendera kwa ife ngakhale phazi limodzi. Tidafika patatha maola atatu. Woyendetsa ataona nkhope zathu adayankhula ngati munthu wopepesa: "Aphunzitsi, ndikadati ndiilowetse m'matopemu bwenzi tonse titagona momwemo." Adanena zoona. Mayi uja adapulumuka, koma mwana wake sadalire.

Kuyambira usiku umenewo ndakhala ndikusinkhasinkha za makilomita 7 aja. Mtunda wonse wochokera kuboma galimoto idaudula mu ola limodzi ndi theka, koma kachidutswa kotsalako kadadya maola atatu pamodzi ndi moyo wa munthu. Tsono alipo makina amene adapangidwira kachidutswa kotere, ndipo maiko ena akhala akuwagwiritsa ntchito populumutsa anthu kwa zaka zambiri. Maganizo anga, amene ndifuna kuwatambasula pano, ndi akuti ifenso tiyenera kukhala nawo, koma pokhapokha titavomera kuwaika kumudzi kumene kuli vutolo, mvula isanayambe, m'manja mwa munthu wophunzitsidwa kuwayendetsa ndi kuwasamala. Tikalephera zimenezi, kuli bwino ndalamazo tigulire nsungwi ndi mabulangete.

Azungu amawatcha makinawa kuti all-terrain vehicle, mwachidule ATV, ndiye kuti galimoto yoyenda pamalo alionse. Dzinali ndi lokokomeza, monga tione kutsogoloku, pakuti palibe galimoto yopanda malire ake. Pachichewa tilibe dzina lokhazikika. Ena amangoti njinga yamoto ya mawilo anayi. Mtundu wodziwika kwambiri ndi umene woyendetsa amakhala motang'adza ngati pamthuthuthu, atagwira mahandulo. Wachiwiri uli ngati kagalimoto kopanda zitseko, kokhala ndi chiwongolero, mipando iwiri yogundizana, zitsulo zotchinga pamwamba, ndi malo onyamulira katundu kumbuyo. Pamalo amenewa ndi pamene opulumutsa anthu amamangirirapo bedi la wodwala ndi kampando ka womuyang'anira. Ndiyeno pali zimphona zina zoyenda pamtunda ndi pamadzi pomwe, zimene tizikambe pazokha.

Mbiri ya makinawa si yaitali. Kampani ya Honda ya ku Japan idatulutsa a mawilo atatu m'chaka cha 1970, ndipo ya Suzuki idadza ndi a mawilo anayi mu 1982. Poyamba adali oseweretsa anthu opeza bwino ku America. Kenaka alimi ndi oweta nkhosa adayamba kuyendera nawo ziweto zawo m'mapiri, ndipo pambuyo pake ozimitsa moto, ofunafuna anthu osochera ndi olondera osambira m'mbali mwa nyanja adazindikira kuti chimene chikunyamula nkhosa yodwala chingathenso kunyamula munthu wothyoka mwendo.

Kodi n'chifukwa chiyani ambulansi imatitimira pamene kamakina kotere kakudutsa? Yankho lili m'phunziro limene ine ndimaphunzitsa chaka ndi chaka, ndipo ana amaliloweza pofuna kukhoza mayeso chabe. Kulemera kukaunjikana pamalo aang'ono kumaboola. Kukamwazikana pamalo aakulu nthaka imakupirira. Mayi wovala gogoda amamira chidendene pabwalo lonyowa pamene mwamuna wake, wolemera kuposa iye, akudutsa bwinobwino atavala patapata. Ambulansi ya Land Cruiser imalemera matani oposa awiri isananyamule munthu, ndipo matayala ake amapopedwa kolimba, mpweya wofika 30 kapena kupitirira pageji ya opopa matayala. Tayala lolimba chotero limaponda malo ochepa, n'kuyamba kukumba. ATV ya mawilo anayi imalemera makilogalamu 300 kapena 400, ndipo matayala ake ndi otambalala ndi ofewa, a mpweya wa cha m'ma 5 pageji yomweyo. Tayala lotere limadziyala pansi ngati phazi la njovu. Lamulo lake ndi lapafupi: mphamvu imene tayala limakanikizira nthaka imayandikana kwambiri ndi mphamvu ya mpweya uli m'kati mwake. N'chifukwa chake madalaivala akale, akafika pamchenga wa kunyanja, amayamba aphwetsako matayala asanaponde mafuta.

Pali zinanso. Mawilo onse anayi amakoka, kotero kuti limodzi likaterereka enawo amapitiriza ntchito. Mimba yake ndi yokwezeka, sikhula msanga pazitsa ndi pamiyala. M'lifupi ndi yopitirira pang'ono mita imodzi, choncho imalowa m'njira ya ngolo, ngakhale m'kanjira ka kumunda. Koma ubwino umene ine ndimauwerengera koposa ndi uwu: ikatitimira, amuna anayi kapena asanu amaizula ndi manja, ulendo n'kupitirira. Ambulansi ikatitimira m'makande imadikira thalakitala, ndipo m'dera lathu thalakitala ndi chinthu chimene ana amachiona m'buku.

Tsono tiyeni tione dziko lathu. Makolo athu adali nalo dzina la madzi ogumula phiri: ankati wadutsa Napolo. Adadutsa ku Zomba mu Disembala 1946. Adadutsanso ku Phalombe mu Malichi 1991, pamene miyala ndi matope zidatsetsereka kuchokera m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo lokonzekera ngozi zogwa mwadzidzidzi, limene lidabala nthambi ya boma yoona za ngozizi. Masiku ano Napolo sakudikiranso kuti mbadwo wina uyambe waiwala. Mu Januwale 2015 madzi adasefukira m'chigwa cha Shire. Mu Malichi 2019 kudabwera namondwe Idai. Mu Januwale 2022 kudabwera Ana, amene adaononga malo opangira magetsi a Kapichira ndi kudula msewu wa M1 ku Chikwawa. Ndipo mu Malichi 2023 kudadza Freddy, amene adapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno, kuyambira ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre mpaka ku Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe.

Pa ngozi zonsezi choyamba kufa ndi msewu. Madokotala amakhala alipo, mankhwala alipo, galimoto zilipo, koma zonsezo zili tsidya lina. Nthawi ya Freddy abale athu a ku Tanzania ndi ku Zambia adatithandiza ndi ndege, kuphatikizapo mahelikopita, ndipo gulu la opulumutsa anthu lidachokera ku Britain ndi mabwato ake. Tiyenera kuthokoza. Koma thandizo lochokera kunja limafika patapita masiku, ndipo helikopita siuluka mitambo itaphimba phiri, mvula ikukhuthuka. Munthu wopanikizidwa ndi khoma kapena wotaya magazi amawerenga maola. Ambiri amene adapulumuka m'maola oyambawo adafukulidwa ndi anansi awo, ndi makasu, mafosholo ndi manja, n'kunyamulidwa pazitseko ndi pamachila monga mlongo wathu uja. Apa ndi pamene makina opepuka, osungidwa m'kati mwa dera lomwe ladulidwalo, akadafupikitsa ulendo wokafika pamene msewu ukadali wamoyo.

Mwa zimphona zija, chodziwika ndi Sherp, chopangidwa ku Ukraine. Matayala ake ndi aatali kuposa mita imodzi ndi theka, kupyola mapewa a munthu wamkulu, ndipo woyendetsa amatha kuwaphwetsa kapena kuwapopa ndi utsi wa injini yake yomwe, iye ali m'kati. Chikalowa m'madzi akuya chimayandama, matayalawo n'kumapalasa ngati nkhafi. Chimanyamula katundu wa pafupifupi tani imodzi. Bungwe la World Food Programme lakhala likutumiza chakudya pa galimoto zimenezi m'madambo a ku South Sudan, ndipo lidazigwiritsanso ntchito kwa anansi athu ku Mozambique Idai atadutsa. Munthu akachiona pakanema chikutuluka m'dziwe n'kukwera mtunda, mtima umati tigule makumi awiri lero lomwe.

Ine ndikuti tiyambe taganiza. Zingapo, zosungidwa ku Bangula kapena ku Nchalo osati ku Lilongwe, zingathandize kwambiri m'chigwa cha Shire madzi akamaphwa, nthawi imene pamakhala posaya moti bwato silingayende, komanso pofewa moti lole singadutse. Kupitirira apo ayi. Mtengo wa chimodzi ungagule timakina tating'ono tambiri, zipangizo zake sizipezeka m'masitolo a mu Limbe, ndipo pamadzi chimayenda pang'onopang'ono, liwiro la munthu woyenda mofulumira. Mtsinje wa Ruo utakwiya sungasiyanitse chimenechi ndi chikuni. Madzi othamanga ndi ntchito ya bwato la injini ndi asilikali odziwa madzi. Ndilinso ndi mantha ena: chinthu chachikulu ndi chochititsa kaso chimakonda kukhala kumene kuli akuluakulu, kuti chizionekera pazionetsero.

Ndiponso tisaiwale kuti Freddy sabwera chaka chilichonse, koma usiku wonga umene ndausimba uja umachitika dzinja lililonse, m'maboma onse, popanda wailesi kulengeza. Mayi wovutika pochira, mwana wokomoka ndi malungo, mlimi wolumidwa ndi mphiri, msodzi wogwidwa ndi ng'ona. M'chaka cha 1994 akatswiri awiri, Sereen Thaddeus ndi Deborah Maine, adalongosola kuti amayi ambiri amafa pochira chifukwa cha kuchedwa kutatu: kuchedwa kumanga mfundo yopita kuchipatala, kuchedwa panjira, ndi kuchedwa kulandira chithandizo atafika. Koyambako timalimbana nako ndi maphunziro ndi malangizo a mafumu, kwachitatuko ndi mankhwala ndi antchito okwanira. Kwachiwiriko ndi nkhani ya mawilo.

Pa nkhani imeneyi sitifunika kukaphunzira kutali, pakuti umboni wabwino udapezeka kwathu konkuno. M'boma la Mangochi adayesa kuika maambulansi a njinga yamoto pa zipatala zing'onozing'ono zitatu za kumidzi yakutali. Njingazo zidali za mawilo atatu: mthuthuthu wolimba wokhala ndi bedi la wodwala m'mbali mwake. Si ATV yeniyeni, koma ndi pachibale pake. Zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2008. Nthawi yofikitsa mayi kuchipatala chachikulu idachepa ndi maola awiri mpaka anayi ndi theka. Ndalama yogulira ambulansi imodzi ya galimoto ikadagula njinga 19, ndipo kuyendetsa njinga imodzi chaka chathunthu kudadya madola 508 a ku America, pamene galimoto idafuna ndalama zochuluka pafupifupi ka 24 kuposa pamenepo.

Owerenga aonetsetse kumene kudachokera maola opulumutsidwawo. Njinga yamoto yokoka bedi sithamanga kuposa Land Cruiser. Pamsewu wabwino ingasiyidwe kutali. Idapambana chifukwa idali pompo. Ambulansi ya kuboma iyenera kulandira uthenga, kupezeka kuti sidapite kwina, kuyenda ulendo wobwera, kenaka wobwerera. Njinga yogona pachipatala chaching'ono imangoyenda ulendo umodzi. Paja akulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndipo sikofunika kuti kamakinako kapikisane ndi ambulansi mtunda wonse ayi. Katenge wodwala kumudzi kapena kuchipatala chaching'ono, kadutse naye dambo, kakamupereke pamene galimoto yaikulu yaima. Usiku wathu uja, makilomita 7 okafika pamlatho akadatenga theka la ola kapena kupitirira pang'ono, ngakhale poyenda mosamala.

Koma makina sayenda m'matope mokha. Amayendanso m'miyambo ya anthu. Ku Nsanje adayesapo maambulansi a njinga yakapalasa, ndipo kafukufuku wofalitsidwa m'chaka cha 2001 adapeza kuti amayi apakati ambiri ankazikana. Chifukwa chake chidali chakuti kwathu kuno matenda a mayi akayamba si chinthu cholengeza. Mudzi wonse suyenera kuona kuti uje wanyamulidwa. Njingazo zidathera kunyamula odwala matenda ena. Wina wa m'tauni angaseke, koma ine sindiseka, pakuti kamakina kobangula kofika pakhomo usiku kamadzutsa mudzi kuposa njinga yakapalasa. Pafunika chotchinga chabwino pabedipo, mpando wa mayi wachikulire woperekeza, ndi kukambirana ndi anankungwi ndi mafumu makinawo asanafike. Ngati n'kotheka, ena mwa oyendetsa akhale akazi.

Tsopano za kuipa kwake, kumene ogulitsa sakonda kukutchula. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Makinawa ndi aafupi, opapatiza ndi okwezeka, kotero amagubuduka msanga pokhota kapena poyenda chopingasa pamalo otsetsereka, ndipo akagubuduka amagwera mwini wake pachifuwa. Ku America a mawilo atatu aja adapha ndi kulumaza anthu ochuluka, ambiri a iwo ana, mpaka mu 1988 makampani adagwirizana ndi boma kuti aleke kuwagulitsa. Ku Australia a mawilo anayi akhala pakati pa zinthu zopha anthu ambiri m'mafamu, ndipo kuyambira mu Okutobala 2021 lamulo lidakakamiza kuti atsopano a ntchito za kumunda azigulitsidwa ali ndi chitsulo choteteza woyendetsa akagubuduka. Ngati zidatero kwa anthu oyenda okha masana m'minda yawo, nanga bwanji kwa ife, usiku, pamatope, titanyamula wodwala wosatha kudzigwira?

N'chifukwa chake ine ndikadasankha mtundu wachiwiri uja, wa chiwongolero, malamba ndi zitsulo pamwamba, ngakhale uli wokwererapo mtengo ndiponso wotambalala pang'ono. Wa mahandulo ndi wabwino pothamangitsa namwino, mankhwala kapena chingwe kumalo a ngozi, koma wodwala wogona amafuna ngolo yokoka kumbuyo, ndipo ngoloyo imakankha potsika. Kaya ndi mtundu uti, woyendetsa aphunzire kwa milungu ingapo, osati masana amodzi pa tsiku lolandira mphatso. Adziwe kuyamba watsika ndi ndodo kuyesa kuya kwa madzi asanaoloke, adziwe kuti chitunda amachikwera molunjika, avale chipewa cholimba, ndipo adziwe kuletsa magazi ndi kugoneka munthu wovulala msana. Koposa zonse adziwe kukana, monga adakanira woyendetsa ambulansi uja. Wopulumutsa akagwa m'ngozi, ovutika amakhala awiri ndipo wothandiza palibe.

Vuto lina lalikulu ndi kusowa chisamaliro. Aliyense amene adazungulirapo kuseri kwa zipatala ndi maofesi a m'maboma adaona manda a galimoto: zina zitakhala pamiyala, udzu utamera m'kati, dzina la bungwe lopereka likuwerengeka bwinobwino pachitseko. Zambiri sizidafe ndi ngozi. Zidafa chifukwa oilo sadasinthidwe, sefa ya mpweya idadzaza fumbi, kapena kachitsulo kotchipa kadasowa. Barry ndi Andrea Coleman a ku Britain, pamodzi ndi katswiri wa mpikisano wa njinga zamoto Randy Mamola, ataona zomwezi ku Somalia ndi m'maiko ena a mu Africa kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, adayambitsa bungwe la Riders for Health. Mfundo yawo idali yapafupi: woyendetsa aliyense ayendere makina ake m'mawa uliwonse, ndipo makaniko asinthe zitsulo pa nthawi yake zisanathyoke. Njinga za bungweli zakhala zikunyamula magazi okapimidwa pakati pa zipatala za m'dziko muno. ATV imafuna mwambo womwewo, mwinanso woposa, pakuti matope amalowa m'mabuleki ndi m'malumikiziro a mawilo, ndipo ikangobwera kuulendo iyenera kutsukidwa tsiku lomwelo.

Wogula adzifunsenso kuti lamba wa injini akaduka, kapena tayala likang'ambika, tikazipeza kuti? Njinga yamoto wamba ili ndi makaniko pamsika uliwonse masiku ano, ATV ilibe. Nzeru ndi kugula mtundu umodzi dziko lonse, pamodzi ndi zipangizo za zaka zingapo, m'malo molandira chilichonse chimene wopereka wakonda. Za mafuta, tonse tikukumbukira mizere ya pamalo omwetsera mafuta mu 2011 ndi 2012, ndiponso mu 2022 ndi zaka zotsatira. Mgolo wa petulo ufike mu Novembala, pakuti msewu ukaduka mafuta nawo amaima tsidya lija. Ndiye pali nthenda yathu ija. Kamakina kosangalatsa kuyendetsa kamayamba kupita kumsika, kuchigayo, kumpira ndi kwa chibwenzi, usiku wa ngozi n'kupezeka kali kutali kapena kopanda dontho. Mankhwala amene ine ndimawadziwa ndi buku lolembamo ulendo uliwonse, lowerengedwa poyera pamsonkhano wa komiti ya mudzi, mfumu ili pomwepo.

Mnzanga wina wophunzitsa mbiri yakale, amene timatsutsana kawirikawiri m'chipinda cha aphunzitsi, amati zonsezi ndi kuthawa nkhondo. "Achimwene," amatero, "vuto ndi mlatho. Mangani mlatho, thirani miyala m'dambomo, ndipo ambulansi idzafika pakhomo, pamodzi ndi lole ya feteleza ndi basi ya anthu a kumsika. Mukagula timakina tanuto akuluakulu adzati anthu aja athandizika, n'kuiwala msewu." Mawu ake ndi olemera, ndipo mantha akewo ndimawavomereza. Mlatho umatumikira anthu onse tsiku lililonse kwa zaka makumi angapo. ATV imatumikira mmodzi pa ulendo, ndipo imakalamba msanga.

Koma ndimamuyankha ndi mafunso awiri. Mwa misewu yolembedwa m'kaundula wa boma, ya makilomita oposa 15,000, yaphula sifika gawo limodzi mwa magawo atatu, osawerengera tinjira ta m'midzi. Tidzamaliza liti? Mu 1997 madzi adadula njanji ndi msewu pakati pa Bangula ndi Chiromo, pamalo otchedwa Mtayamoyo, ndipo kwa zaka zoposa 20 anthu a ku Makhanga adakhala akuoloka pabwato. Ana obadwa chaka chimenecho adakula, ena n'kukwatiwa, akudikira mlatho. Funso lachiwiri ndi lakuti, kodi mlatho sukokoloka? Ana ndi Freddy adadula misewu yaphula yomangidwa ndi akatswiri. Walira mvula walira matope. Dziko lolandira mvula ngati yathu lidzafunabe njira yoyendera tsiku limene msewu wafa, ngakhale titalemera motani. Milatho timange ndithu, ndipo tilembere makalata aphungu athu mpaka atope nafe. Pamene tikudikira yankho lawo, mayi wina wayamba kale matenda tsidya la dambo.

Kwa inu amene mwangomaliza sukulu, nkhaniyi ikukukhudzani mwa njira ina. Zaka za posachedwapa njinga zamoto za kabaza zafika paliponse, ndipo kunena zoona, ambulansi yeniyeni ya kumudzi lero ndi mnyamata wa kabaza, wodwala atapanikizidwa pakati pa iye ndi womudwazika. Ambiri a anyamatawa sadaphunzitsidwe ndi munthu, ndipo mawodi a othyoka mafupa akuchitira umboni. Komabe amadziwa njira iliyonse yachidule, amadziwa mtsinje umene umadzaza msanga ndi umene umaphwa msanga, ndipo ena amamasula injini n'kuibwezera ili bwinobwino. Nzeru zimenezi sizigulidwa ku Japan. Mnyamata kapena mtsikana wa satifiketi ya Fomu 4, wokulira m'deralo, atapatsidwa maphunziro a chithandizo choyamba monga amene bungwe la Red Cross limapereka, ndiponso a umakaniko kusukulu zathu za ntchito zamanja, ndiye munthu woyenera kusunga kiyi. Ndipo azilipidwa. Ntchito yodzuka pakati pa usiku mvula ili kugwa siyenera kukhala yongodzipereka mpaka kalekale.

Aphunzitsi anzanga, nafenso tili ndi gawo losafuna ndalama. Chaka chatha ndidapempha mnzanga wa jogalafe kuti ana a Fomu 3 ajambule mapu a midzi yozungulira sukulu yathu pofunsa makolo awo: ndi pati pamene pamaduka poyamba mvula ikagwa masiku awiri, ndi pati pamene ngolo imadutsa ngakhale mu Febuluwale, ndi pati pamene lamya ya m'manja imagwira. Adabwera ndi malo 9 oduka, ndiponso njira ina ya pamtunda, yodzera m'mbali mwa manda, yotalikirapo ndi makilomita 2 koma yosaponda dambo lija. Ine ndidakhala m'derali zaka zambiri osaidziwa. Ambulansi singaidutse chifukwa ndi yopapatiza pakati pa mitengo, koma kamakina kakang'ono kangadutse. Nditawafunsa a mlonda chifukwa chake sadatiuze za njirayi usiku uja, adandiyang'ana modabwa nati, "Aphunzitsi, kumanda, usiku, ndi munthu wapakati?" Nkhani imeneyo tidaisiya m'manja mwa mfumu ndi akuluakulu ake, ndipo akadakambiranabe. Mapuwo tidapereka kuchipatala chaching'ono, mzamba n'kuwamata pakhoma.

Makina sitidalandirebe. Mlatho adaukonza chilimwe chotsatira, ndipo dzinja lina madzi adadyanso pomwe paja. Mlongo wathu uja adachira mwana wamwamuna patapita zaka ziwiri, atakadikirira kuboma mwezi wathunthu. Nsungwi ziwiri zija a mlonda adaziimika kuseri kwa nyumba yawo pamodzi ndi matumba ake, ndipo mayi a kunyumba atafuna kuzisandutsa nkhuni adawaletsa. Chaka chilichonse, mitambo ikayamba kusonkhana mu Novembala, amazitsitsa n'kuona ngati zafumbwa.